Kusema ndi motosera: ng'ombe yanga yang'ambika, ndalakwitsa pati?

Kalipentala wa ku Ulongwe

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumagwira ntchito ya mitengo, akuluakulu ndi anzanga omwe. Ine ndine kalipentala, ndimakhala kufupi ndi Vila Ulongwe m'boma la Angonia, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikucheka matabwa a zitseko, mafelemu ndi ngolo ndi motosera yanga yaikulu, makina ochekera mitengo a tcheni, ya injini ya 72 cc. Kusema sindinakuphunzire bwinobwino, ngakhale kuti a malume anga ndi mmisiri wa mitondo, mipando ndi ng'oma kumudzi kwathu, ndipo ndili mwana ndinkawagwirira chipika iwo akusema ndi kasemasema.

Chaka chatha ndinayamba kuona pa foni mavidiyo a amisiri a ku America ndi ku Ulaya amene amasema zinyama ndi motosera, chipika chachikulu n'kusanduka chimbalangondo kapena kadzidzi dzuwa lisanalowe. Ndinatengeka nazo mtima. Kadzidzi sindikanasema, chifukwa kwathu kuno palibe munthu amene angalole kuti mbalame imeneyo ikhale pakhomo pake, ngakhale ya mtengo. Choncho ndinasankha ng'ombe yapangolo, poti ndi imene Mngoni aliyense amaidziwa kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

Mu February mphepo inagwetsa bulugamu wamkulu kumunda kwathu. Ndinadula chipika cha mita imodzi ndi theka, chonenepa masentimita pafupifupi 60, ndinachigoneka pansi n'kuyamba ntchito chikadali chachiwisi. Zimene zinachitika ndi izi. Tsiku lachiwiri, ndikuchotsa mtengo wa pakati pa miyendo ndi nsonga ya motosera, makinawo anandidumphira kumaso mwadzidzidzi moti anang'amba mlomo wa chipewa chimene ndinavala. Ndinakhala pansi kwa kanthawi mawondo akunjenjemera. Tsiku lachitatu nyanga imodzi inathyoka ndikuisalaza, kenaka mwendo wakutsogolo unathyokanso pamene tinkainyamula ng'ombeyo kuti tiyiike pakhonde. Patatha milungu itatu ili pakhonde pomwepo, mng'alu unayamba pamsana n'kutsika mpaka kumimba, ndipo lero ndimatha kulowetsamo zala zinayi.

Mafunso anga ndi atatu. Kodi n'chiyani chinachititsa kuti motosera indidumphire, ndipo pali njira yosemera tinthu ting'onoting'ono monga maso ndi ziboda popanda ngozi imeneyi? Kodi ndi mtengo uti wa kuno ku Tete umene ungalole ntchito yotere osang'ambika? Funso lachitatu ndi la mumtima. A malume atabwera kudzaona ng'ombeyo anaizungulira kawiri n'kunena kuti, "Uku si kusema ayi, ndi kuwaza nkhuni mwaphokoso." Kodi akunena zoona, kapena ndi mawu a munthu wamkulu amene sakufuna kuona chida chatsopano?

Wocheka matabwa ku Furancungo

Achimwene, yambani mwathokoza Mulungu kuti chinang'ambika ndi chipewa. Ine ndagwira motosera m'nkhalango za Macanga kwa nthawi yaitali, ndipo ndinaonapo mnzanga akusokedwa tsaya chifukwa cha chinthu chomwecho chimene chinakuchitikirani inu. Ndiyankha za makina zokha, za mitengo ndiwasiyira odziwa.

Pa chitsulo chimene tcheni chimazungulirapo, chimene ife timati lamina, pali malo amodzi oopsa kwambiri, ndiwo theka la pamwamba la nsonga yake. Pamenepo mano amakhala akukhota, ndipo dzino lililonse limaluma mtengo wochuluka kuposa umene lingathe kudula. Dzino likakodwa, tcheni chimaima kwa kamphindi, koma mphamvu ya injini siima, ndiye imakankhira lamina yonse m'mwamba ndi m'mbuyo, kumene kuli nkhope yanu. Tcheni chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi, choncho palibe munthu amene angazinde ndi liwiro lake. Inu munalowetsa nsonga pakati pa miyendo ya ng'ombe, malo opanikizika, ndipo mbali ya pamwamba inakhudza mimba ya ng'ombeyo. Pocheka matabwa simukumana nazo kawirikawiri chifukwa mumadula ndi mimba ya lamina, koma kusema kumachitikira kunsonga pafupifupi nthawi yonse.

Amisiri amene munawaona m'mavidiyo sagwiritsa ntchito motosera imodzi. Yaikulu ngati yanuyo amachotsera zibenthu zikuluzikulu kuti chipika chiyambe kuoneka mbali ya mutu ndi mbali ya mchira, basi. Akatero amatenga yaing'ono ya 30 cc kapena 40 cc, yolemera makilogalamu pafupifupi anayi, monga Stihl MS 170 kapena MS 180, imene amaimanga lamina yapadera yosemera. Lamina imeneyi ndi yaifupi, ya masentimita 30 kapena kucheperapo, ndipo nsonga yake ndi yosongoka, yaing'ono ngati kandalama kachitsulo, yopanda kagiya kozungulira kamene kamakhala kunsonga kwa malamina wamba. Popeza nsongayo ndi yaing'ono, mano ochepa okha ndi amene amakhala pa malo oopsa aja, ndiye makina sadumpha mwamphamvu. Imafuna tcheni cha mano ang'onoang'ono cha 1/4, ndipo muyenera kusinthanso giya ya ku injini kuti igwirizane nacho. Tcheni chake sachimanga kwambiri monga timachitira pocheka, chifukwa chikathina nsonga imatentha mpaka kuda. Zinthu zimenezi ine sindinazionepo m'sitolo za kwathu kuno, moti mungafunike kuitanitsa kudzera kwa ogulitsa makinawa mumzinda wa Tete kapena ku Lilongwe. Mukapanda kuzipeza, musayese maso ndi ziboda ndi makina anu aakuluwo. Malizani ndi tchizulo.

Kagwiridwe nakonso n'kofunika. Motosera inapangidwa kuti dzanja lamanzere likhale pa chogwirira chakutsogolo ndipo lamanja kumbuyo, ngakhale munthu atakhala wamanzere. Chala chachikulu chizizungulira chogwiriracho pansi, osati kugona pamwamba, kuti makina akadumpha dzanja likankhe buleki ya tcheni. Mutu wanu usakhale pa mzere umodzi ndi lamina, muziima chakumanzere pang'ono. Musadule chinthu chimene chili pamwamba pa phewa lanu. Chipika chikhale chomangidwa kapena chokhomeredwa pa chitsa, chisagwiridwe ndi mwana monga munkachitira ndi a malume anu, chifukwa kasemasema ndi motosera si chimodzi. Ndikukupemphaninso kuti musagule motosera zazing'ono zija zokhala ndi chogwirira pamwamba poganiza kuti ndi zopepuka. Zimenezo ndi za anthu okwera m'mitengo, ndipo zimanyengerera munthu kuti azigwira ndi dzanja limodzi.

Za zovala ndikudziwa kuti ambirife timaseka, koma phokoso la makinawa limapitirira madesibelo 100, ndipo wosema amakhala nawo pafupi ndi khutu tsiku lonse. Ine khutu langa lamanzere limalira ngati muli nyenje, ndipo silidzasiyanso. Pezani zotseka m'makutu, magalasi, chipewa cholimba chokhala ndi sefa ya kumaso, nsapato zolimba ndi buluku lija la ulusi wokola tcheni. Muzipumanso pafupipafupi, chifukwa kunjenjemera kwa makina kumachititsa dzanzi m'zala, ndipo musasemere m'nyumba yotseka chifukwa utsi wake umapha.

Chomaliza ndi mafuta ndi tupa. Ngati oilo wanu wa 2T, wosakaniza ndi petulo uja, ndi wabwino, muyezo ndi 50:1, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi ya petulo. Ku tcheni musathire oilo wakuda wotsala m'galimoto monga timachitira kutchire, chifukwa amamwazikira pa chosemacho n'kulowa mkati, ndipo banga lake silichoka ngakhale mutapala bwanji. Osema ena amathira mafuta ophikira, koma amawakhuthula akamaliza ntchito chifukwa akakhalitsa amamata. Mano muzinola pa madigiri 30, ndipo muziyang'ana zimene zikutuluka: tcheni chakuthwa chimalavula tizibenthu, chobuntha chimatulutsa fumbi, ndipo chobunthacho ndi chimene chimakukakamizani kukanikiza mpaka ngozi.

Mmisiri wokalamba wa ku Domwe

Mwana wanga, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera mawuwa, chifukwa maso anga sagwirizana ndi tizilembo ta pa foni. Ine ndidayamba kusema nthawi ya Apwitikizi, ndipo ndidasemanso tili kothawa nkhondo ku Dedza, kumene ndidaona ntchito ya anyamata a ku Mua, pa malo a KuNgoni amene adayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976. Motosera ndidaigwirapo pang'ono nditakula kale. Ndikuuze poyera kuti ng'ombe yako sidaphedwe ndi makina. Idafa tsiku limene udasankha mtengo ndi kuugoneka pansi.

Bulugamu ndi mtengo wa milimo, mapaso ndi nkhuni. Umakula mothamanga ndipo mkati mwake umakhala wokokana, n'chifukwa chake nthawi zina umang'ambika kumapeto utangogwa kumene, usanaume n'komwe. Iwe monga kalipentala udaziona zimenezi pa matabwa. Anthu a m'mavidiyo akowo amasema paini ndi mitengo ina yofewa ya kwawo kozizira, ndiye usayerekeze liwiro lawo ndi mitengo yathu.

Koma ngakhale ukadatenga mtengo wabwino, mng'alu ukadabwerabe, chifukwa udasiya mtima wa mtengo pakati pa ng'ombeyo. Tayang'ana chitsa chilichonse chakale kumunda: ming'alu yonse imachokera pakati kupita kunja, ngati masipoko a njinga. Mtengo ukamauma umafota kwambiri mozungulira kuposa mmene umafotera kulowera mkati, ndipo kunja kumauma msanga mkati mukadali madzi. Kunjako kumafuna kuchepa, mkati mukukana, ndiye khungu limang'ambika. Iwe udawonjezera moto poiika pakhonde padzuwa ndi pamphepo.

Njira zimene ife timadziwa ndi izi. Ngati chipika ndi chachikulu, chigawe pakati m'litali, ndipo apa motosera yako yaikuluyo ithandiza kwambiri kuposa mphano ndi nyundo zimene tinkavutika nazo. Ukatero useme m'chigamu chimodzi, mtima utautaya. Ngati ukufuna chipika chonse chathunthu, uupatse wekha mng'aluwo njira: cheka mzere umodzi woongoka kumbuyo kapena kunsi kumene anthu sayang'ana, wozama mpaka pa mtima. Mtengo ukamafota udzatsegukira pamenepo m'malo mong'amba nkhope, ndipo ukauma udzatseka mpatawo ndi kathabwa ka mtengo womwewo. Chosema chachikulu uchikumbenso mkati kuchokera pansi, monga timachitira ng'oma. Udayamba wadzifunsa chifukwa chake ng'oma sing'ambika kawirikawiri pamene chipika chosakumba chimang'ambika? Kumapeto kwa chipika upake phula, makandulo osungunula kapena penti yotsala, chifukwa madzi amathawira kumeneko msanga. Kenaka chikhale mumthunzi, pa miyala kapena pa timitengo kuti chisakhudze dothi, utachifunditsa chiguduli. Usawerenge masiku. Thabwa lochindikala masentimita awiri ndi theka limatha kudya chaka kuti liume bwino, nanga chipika chonenepa ngati mgolo?

Tsopano za mwendo ndi nyanga, ndipo apa ndi pamene a malume ako adaonera kuti sudafunse. Mtengo uli ngati mtolo wa udzu womangidwa. M'litali ndi wolimba, koma ukadula kachidutswa kopingasa kamathyoka ndi zala. Iwe udagoneka chipika, msana wa ng'ombe udatsata mitsempha ya mtengo, koma miyendo ndi nyanga zidaima mopingasa. Mwendo uliwonse udali ngati timabisiketi tosanjikiza. Ndi chifukwa chake zosema zambiri zakale ndi za anthu oimirira, mayi wosenza mtsuko, mwamuna wa chishango ndi chibonga, chifukwa thupi lonse limatsata mtengo mmene udakulira. Amakonde a ku Mueda, amene amasema mphingo, ntchito yawo yotchuka ya ujamaa ndi anthu okwerana pamapewa kutsata thunthu, ndipo si mwangozi. Ukafuna ng'ombe, iseme itagona ikubzikula, miyendo itapinda pansi pa mimba. Ukafuna yoimirira, usaboole pakati pa miyendo, usiyepo mtengo ngati udzu kapena mwana wa ng'ombe akuyamwa. Nyanga useme padera kuchokera ku nthambi yokhota kale yokha, uzilowetse ndi chikhomo cha mtengo.

Pa funso lako lachitatu, a malume ako akunena zoona theka. Pamene tchizulo ndi sandipepala zidafika, akuluakulu athu ena adatinso ndi ulesi, pakuti iwo ankasalaza ndi mpeni ndi masamba okhakhala a mkuyu. Chida sichisema, amasema ndi maso. Komabe pali chinthu chimodzi chimene ndimachiopa pa motosera. Kasemasema amachotsa pang'onopang'ono, ndiye pakati pa kumenya koyamba ndi kwachiwiri munthu umakhala ndi nthawi yoona kuti ukulowera kolakwika, ndipo dzanja limamva pamene mtengo wasintha njira kapena pamene pali mfundo. Makina amachotsa m'kuphethira kwa diso zimene ine ndimachotsa m'mawa wonse, ndipo chimene chachoka sichibwerera. Choncho wosema ndi makina ayenera kuona chinthucho bwino kuposa ine asanayambe. Umbe kang'ombe ka dothi monga unkachitira kubusa, ukaike pambali, ujambule ndi khala mbali zonse zinayi za chipika, ndipo uzimitse makinawo pafupipafupi n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi kuti uone. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi wa zankhalango ku Moatize

Bambo a ku Ulongwe, agogo a ku Domwe afotokoza za ming'alu mokwanira, ndipo sindiwonjezerapo. Ine ndinaphunzira za nkhalango, ndiye ndiyankha funso lanu lachiwiri, koma ndiyamba ndi zimene mwina simukufuna kumva.

Munthu aliyense akafunsa za mtengo wabwino wosema, yankho limene limabwera msanga ndi mlombwa, umene m'Chipwitikizi cha kuno timati umbila. N'zoonadi kuti mlombwa umafota pang'ono kwambiri pouma, sung'ambika wamba, ndipo mtima wake chiswe sichiukonda, n'chifukwa chake makolo ankausankha pa mitondo, ng'oma ndi mabwato. Mbawa nayonso imasemeka bwino ndipo imapezeka yonenepa. Koma mitengo imeneyi ndi imene yatha kwambiri m'chigawo chathu chino. Tonse tinaona magalimoto a zipika akutsika kuchokera ku Macanga, Chifunde ndi Marávia kulowera ku doko la Beira. Mu 2018 boma la Mozambique linaletsa kudula mitengo ya nkula, pau-ferro ndi mondzo. Mphingo uli pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, limene limayang'anira malonda a pakati pa maiko a zomera ndi nyama zimene zingathe kutha, kuyambira mu 2017, ndipo pa msonkhano wa ku Panama mu 2022 anaikaponso mitengo ya mu Africa ya mtundu wa mlombwa, mbawa ndi chanfuta. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti mitengo imeneyi si yongodula ndi kunyamula mmene mwafunira, makamaka ngati cholinga ndi malonda. Inu muli pafupi ndi malire, ndipo ndikudziwa kuti maganizo oyamba adzakhala okagulitsa ku Dedza kudzera pa Calomue kapena ku Mwanza kudzera pa Zobue. Musanasenze chilichonse, pitani ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi ntchito za chuma m'boma lanu, mukafunse za chilolezo chodula ndi chikalata choyendera, ndipo ku mudzi mudziwitse a mfumu. Kusema chosema chimodzi chachikulu kumadya thunthu lonse, ndipo mlombwa wonenepa chotero watenga zaka makumi ambiri kuti ufike pamenepo.

Nkhani yabwino ndi yakuti motosera imagwirizana kwambiri ndi mitengo yobzala imene ili kale m'midzi mwathu. Malaina ndi wopepuka, woyera, ndipo ukauma sukhota kapena kung'ambika kwambiri, ngakhale kuti umachedwa kuuma. Sendeleya ndi wofewa, wofiirira, wonunkhira, ndipo popeza umamera wokha paliponse mpaka kusowetsa mtendere, palibe amene angakudandauleni mukaudula ndi chilolezo cha mwini wake. Jakaranda ndi wofewanso ndipo amisiri a ziboliboli m'maiko oyandikana nafe amaugwiritsa ntchito kwambiri. Paini wa kumapiri a kwanuko ndi wabwino pophunzirira. Mango wokalamba amene wasiya kubereka amakhala ndi thunthu lalikulu ndi maonekedwe okongola mkati, koma afumbwe amamukonda, amachita mawanga akuda akakhala pachinyontho, ndipo utomoni wake umayabwa anthu ena. Pa mitengo ya pakhomo muzisamala misomali ndi mawaya. Mango aliyense wa pabwalo anakhomedwapo msomali wa chingwe choyanikira zovala, ndipo khungwa linaukwirira kalekale. Chotsani khungwa lonse musanayambe, chifukwa ngakhale mchenga wa m'khungwa umabunthitsa tcheni m'mphindi zochepa.

Mitengo iwiri ya kuno kumunsi muisiye. Tsanya ndi wolimba ndiponso wolemera kwambiri, moti mudzathera tsiku mukunola. Mlambe mkati mwake ndi luzi lonyowa, suuma kukhala thabwa.

Mukumbukirenso kumene chosemacho chikupita. Chimene chaumira ku Angonia kozizira chikatsikira mumzinda wa Tete mu October kapena November, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mpweya ndi wouma, chimatha kutsegula ming'alu yatsopano m'masiku ochepa. Ogula ambiri a zinthu zazikulu zotere, monga eni malo ogona alendo ndi malo odyera, ali kumeneko ndi kuno ku Moatize. Pomaliza ntchito pakani mafuta olowa mkati monga a linhaça, mafuta a njere opaka matabwa, kangapo konse, m'malo mwa vanishi wochindikala amene amasweka padzuwa n'kutsekera madzi mkati. Chikaikidwa panja chikhale pa simenti kapena pa mwala ndiponso pansi pa denga, apo ayi chiswe chidzayamba ndi ziboda.

Kalipentala wa ku Ulongwe

Zikomo kwambiri nonse atatu. Agogo, mawu anu a timabisiketi andichititsa manyazi, chifukwa pa benchi yanga sindingadule mwendo wa tebulo mopingasa mtengo, koma pa ng'ombe ndinachita zomwezo osazindikira. Ndapita kukayang'ana mwendo wothyokawo, ndipo pothyokapo ndi posalala ngati podula ndi mpeni. Mayi, kuseri kwa tchalitchi chathu kuli malaina awiri amene akufuna kuwadula chifukwa mizu ikuwononga maziko, ndipo ndikakambirana ndi akuluakulu a mpingo. Ndili ndi funso limodzi lotsala. Ngati chipika chimatenga zaka kuti chiume, kodi ndidikire mpaka chiumiretu ndisanayambe, kapena ndiseme chachiwisi monga ndinachitira poyamba?

Wocheka matabwa ku Furancungo

Achimwene, kumbali ya makina chachiwisi ndi chabwino. Tcheni chimalowa mosavuta, sichitentha, sichibuntha msanga, ndipo fumbi limachepa. Chipika chouma gwa chimatopetsa munthu ndi makina omwe, ndipo chonenepa masentimita 60 mukachisiya chathunthu chidzang'ambika chokha muli kudikira. Ine ndikanati muchiseme chonse chikadali chachiwisi, mpaka kumaliza, kenaka mupake mafuta.

Mmisiri wokalamba wa ku Domwe

Bambo a ku Furancungo, pa mawu anu oyamba tili limodzi, koma pa omaliza ndikukana. Kumaliza chachiwisi ndi kumene kumakhotetsa nkhope. Mtengo ukamauma sufota mofanana mbali zonse, ndiye diso limene udalisema lozungulira limadzakhala lopendekeka, ndipo mafuta salowa bwino mu mtengo wodzaza madzi.

Mwana wanga, ugwire ntchitoyi kawiri. Malainawo akagwa, usachedwe: chotsa khungwa, gawa kapena cheka mzere wako wa kunsi, ndipo ndi motosera yaikuluyo chotsa zonse zimene si ng'ombe, koma paliponse usiye mtengo wochindikala ngati zala ziwiri pamwamba pa pamene ukufuna kudzafika. Khosi, makutu ndi mchira uzisiye zonenepa. Kumba mkati kuchokera kumimba. Ukatero chipikacho chachepa thupi, madzi ali ndi njira yaifupi yotulukira, ndipo chidzauma m'miyezi m'malo mwa zaka. Uchiike mumthunzi monga ndanenera. Ngati uli ndi sikelo ya chimanga, uzichiyeza kamodzi pa mwezi n'kulemba ndi khala pakhoma. Kulemera kukasiya kutsika miyezi iwiri yotsatizana, nthawi yakwana. Ife tinalibe sikelo, tinkagogoda ndi msana wa kasemasema n'kumvetsera, chifukwa wauwisi umayankha mogonthera pamene wouma umalira.

Ulendo wachiwiriwo ndi wa makina aang'ono ngati udzakhale utawapeza, ndi wa tchizulo, tupa ndi mpeni. Pamenepo upite kwa a malume ako ndi nkhuku m'manja, uwapemphe kuti adzakusemere maso ndi mphuno iwe ukuyang'ana. Ndikukhulupirira kuti adzayamba ndi kukana, kenaka adzafunsa kuti chipikacho chili kuti. Ng'ombe ya bulugamuyo usaiwaze nkhuni. Uisunge kuseri kwa nyumba mpaka mvula ikubwerayi, uziyang'ana mmene mng'aluwo ukutsekera nthawi ya chinyontho ndi kutsegukanso mu October, ndipo udzandilembere kuti walowetsamo zala zingati.